Khansa ndi njinga yamoto: mafunso omwe anthu amandifunsa

Ndimakhala cha ku Chitakale kuno ku Mulanje. Ndili ndi khansa ya m'magazi yomwe achipatala amaitchula kuti CML, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ndili pa chithandizo cha nthawi yaitali, ndikumwa mankhwala tsiku lililonse. Njinga yamoto ndinayamba kukwera ndisanadwale, mpaka lero sindinaisiye. Anthu akandiona ndikuvula chipewa pakhomo la chipatala, kabuku ka kuchipatala kali m'thumba la jekete, mafunso amayamba: pa benchi yodikirira adokotala, pa siteji ya kabaza, kutchalitchi, ngakhale pamaliro. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, ndiye ndawasonkhanitsa pano. Ine si dokotala. Zomwe ndalembazi ndi zomwe achipatala andiuza, zomwe thupi langa landionetsa, ndi zomwe ndaona kwa anzanga a pa benchi. Pomwe mawu anga asiyana ndi a dokotala wanu, mverani adokotala.

Kodi munthu wodwala khansa angakwere njinga yamoto?

Ambiri angathe, koma osati masiku onse. Tikamva mawu oti khansa, m'maso mwathu mumabwera munthu wowonda, wogona pamkeka, achibale atamuzungulira. Odwala otere alipo. Koma pa benchi yomwe ine ndimakhala pamakhalanso aphunzitsi omwe akuphunzitsabe, amayi ogulitsa nanazi, ndi anyamata a kabaza omwe amabwera atavala jekete zawo zonyezimira.

Ine funsoli ndimadzifunsa m'mawa uliwonse, ndipo yankho la Lolemba nthawi zina silikhala la Lachinayi. Zomwe zimasintha yankholo ndi mankhwala omwe mukulandira, kuchuluka kwa magazi anu sabata imeneyo, ndi momwe zala ndi mapazi anu zikumvera. Mafunso otsatirawa akulongosola zimenezi chimodzichimodzi.

Mukati chithandizo cha nthawi yaitali mukutanthauza chiyani? Ndiye kuti khansayo sipola?

Pali khansa zomwe amachita opaleshoni, kapena kupereka mankhwala amphamvu opha khansa otchedwa kemo kwa miyezi ingapo, nkhani n'kutha. Pali zina zomwe munthu amakhala nazo zaka zambiri mankhwala akuzipondereza, monga momwe timachitira ndi shuga kapena BP. Yanga ndi ya gulu lachiwirili. Mankhwala ake ndi imatinib, omwe anavomerezedwa mu 2001. Asanabwere, odwala CML ambiri ankangokhala zaka zochepa, koma lero womwa mokhulupirika amatha kukalamba nawo matendawa. Ndimamwa kamodzi patsiku ndikangotha kudya nsima yamadzulo, ndi kapu yodzaza madzi, chifukwa ndikamwa m'mimba mulibe kanthu amandichititsa mseru.

Ena mwa amayi omwe anadwala khansa ya m'mawere amamwa tamoxifen kwa zaka 5 mpaka 10. Abambo a khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, amabayidwa jakisoni wochepetsa mahomoni achimuna mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse. Odwala Kaposi sarcoma, khansa ya pakhungu yomwe ndi yofala kwambiri m'dziko muno makamaka kwa omwe ali ndi HIV, amamwa ma ARV moyo wonse ndipo amalandira kemo m'magawo. Matendawo akabwerera, nawonso amabwerera pa dilipi. Palinso omwe khansa yawo inapita patali, amene akukhala ndi morphine wochepetsa ululu.

Aliyense mwa anthu amenewa njinga imamuvuta pakepake. Ine ndi minofu ya m'miyendo ndi m'zala yomwe imakokana mwadzidzidzi. Wa Kaposi ndi mapazi. Wa prostate ndi mafupa ndi chishalo.

Ife a ku Mulanje ndi Thyolo thandizoli timalipeza kuti?

Poyambira ndi chipatala chomwe muli nacho pafupi: cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa, kapena chaching'ono cha m'dera lanu. Akakayikira khansa amakutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe tonse timangoti ku Queens kapena ku Gulupu. Kumeneko kuli kiliniki ya khansa, kulinso Tiyanjane yomwe imathandiza pa ululu ndi chisamaliro cha odwala matenda okhalitsa. A Médecins Sans Frontières akhala akuthandizira amayi a khansa ya khomo la chiberekero ku Blantyre kuyambira mu 2018. Chithandizo cha radiotherapy, chomwe anthu amangoti kuwotcha khansa, kwa zaka zambiri chinalibe makina m'dziko muno ndipo odwala ankatumizidwa ku Zambia, Tanzania, Kenya kapena India. Mu 2024 chipatala china chomwe si cha boma chinayamba kupereka thandizoli ku Blantyre, ndipo mu 2025 National Cancer Centre inatsegulidwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Kuchoka pa boma la Mulanje misewu yopita ku Blantyre ilipo iwiri. Wa Midima, wodzera pa Nkando, ndi waufupi, makilomita oposa 60. Wa M2 umadzera pa Luchenza, Thyolo ndi Bvumbwe. Ndi wautali, wokhotakhota, koma wokongola.

Ndingadziyendetse ndekha pa njinga tsiku lokalandira kemo?

Ayi. Pa funso ili lokha sindinyengerera munthu. Asanakuikeni dilipi amayamba akupatsani mankhwala oletsa kusanza ndi ena oti thupi lisadane ndi kemoyo, ndipo ena mwa iwo amagonetsa. Mankhwala a paclitaxel, omwe amaperekedwa kwa odwala Kaposi ndi khansa ya m'mawere, amasungunulidwa m'madzi omwe muli mowa. Onjezani apo kuti mwadzuka 4 koloko m'mamawa, mwakhala pa benchi theka la tsiku, mwangodya kamkate kamodzi, dzanja lomwe anabayapo singano likuwawa. Ndiye madzulo mukadutse mu Limbe pakati pa maminibasi omwe amaima paliponse pomwe aona munthu?

Kwerani minibasi, kapena pemphani wa galimoto. Ngakhale kukwezedwa kumbuyo kwa njinga ulendo wautali chonchi sindikulimbikitsa, chifukwa wogona tulo kumbuyo amagwa woyendetsa asakudziwa.

Masiku ongokayezetsa magazi ndi kutenga mapiritsi ine ndimapita pa njinga. Koma tsiku lomwe anandiboola fupa la m'chiuno kuti ayeze za m'kati mwa fupa, njinga inagona kunyumba.

Nanga pakati pa dilipi ndi dilipi, masiku abwino ndi ati?

Mankhwala ambiri a kemo amaperekedwa pakatha masabata awiri kapena atatu. Masiku awiri kapena atatu oyamba thupi limakana lokha: mseru, kufooka, chakudya kusakoma. Apo palibe amene amalakalaka njinga. Msampha uli pa sabata yachiwiri. Kuyambira tsiku la 7 kufika la 14, munthu amayamba kudzimva bwino, pomwe asilikali a m'magazi ali otsikitsitsa. Kabala kokalika ndi pedulo, komwe masiku ena kangapole kokha, nthawi imeneyi kamatha kulowetsa matenda m'magazi.

Masiku omwe anzanga a kemo ya masabata atatu amasangalala nawo ndi omalizira, dilipi ina isanafike. Lembani pa kalendala ya pakhoma tsiku la dilipi, muwerengere masiku, aliyense wa pakhomo aziona.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kakaonetsa 38 kapena kuposa muli pa kemo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, ndipo wina akutengeni. Musamwe panado n'kumadikira kuche. Atha kukhala malungo, atha kukhala matenda a m'magazi, ndipo onse awiri sachedwa kugwetsa munthu amene asilikali ake atsika.

Ndayamba kumva dzanzi m'zala ndi m'mapazi. Ndipitirize kukwera?

Ili ndiye funso lomwe ndimafuna anthu azilifunsa msanga. Mankhwala a vincristine ndi paclitaxel amavulaza timitsempha ta kumapeto kwa zala ndi mapazi. Zimayamba ngati tinyerere tikuyenda, kenako ngati mwaponda pamchenga wotentha, kenako phazi limangokhala ngati la munthu wina. Amene ali ndi shuga, kapena amene anamwapo kwambiri kachasu, zimawafikira msanga.

Tsono ganizirani momwe njinga imayendera. Dzanja lamanja ndi lopatsa moto ndi kugwira buleki yakutsogolo. Lamanzere ndi la kilatchi. Phazi lamanzere limasintha magiya, lamanja limaponda buleki yakumbuyo. Malo anayi omwe dzanzi limakonda ndi omwewo amene amayendetsa njinga. Buleki yakutsogolo imafuna zala zomva, chifukwa mukaifinya mopyoza pa msewu wa dothi tayala limaterereka nthawi yomweyo.

Dziyeseni chonchi. Mangani mabatani a malaya osayang'ana. Tolani nyemba imodzi patebulo. Imani ndi mwendo umodzi, muwerenge mpaka 10. Tsinzinani, mwana akugwireni chala chimodzi cha kuphazi, munene kuti ndi chiti. Ngati patapata yayamba kukuvukani poyenda inu osamva, ikani kaye njinga pambali.

Mnzanga wina wa Kaposi, wa cha ku Luchenza, anapsa ndi ekizozi pamwamba pa kakolo osamva kanthu. Anafika kunyumba, n'kukhala pakhonde, mwana wake wamkazi ndi amene anafunsa kuti, "Ababa, mwendowo mwatani?" Khungu linali litasupuka. Mwendo wake unali wotupa kale ndi matendawo, ndiye bala linatenga miyezi kuti lipole, ndipo kemo anayamba amuimitsa kaye.

Auzeni adokotala dzanzi likangoyamba. Amatha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala. Ena amabisa poopa kuti awaletsa njinga kapena awachotsa pa mankhwala, koma mbewa yamanyazi inafera ku una: dzanzi lolekereredwa nthawi zina silichokanso. Dziwaninso kuti kuzizira ndi kunjenjemera kwa mahandulo kumalikulitsa.

Bwanji nditagwa? Kodi kugwa kwa ine n'kosiyana ndi kwa munthu wina?

N'kosiyana pa zinthu zitatu. Choyamba ndi magazi. Kemo, ngakhalenso imatinib, zimatha kutsitsa tizigawo ta magazi totchedwa ma platelet, tomwe timathandiza kuti magazi aundane. Tikachepa, bala silisiya msanga kukha magazi, ndipo kumenyetsa mutu kumatha kuyambitsa kukha magazi m'kati. Chachiwiri ndi mafupa. Jakisoni wa prostate amafewetsa mafupa pakapita zaka, ndipo khansa ya m'mawere ndi ya prostate zimakonda kufalikira kumsana ndi m'chiuno. Ngati adokotala anakuuzani kuti khansa yafika m'mafupa, musakwere musanakambirane nawo, ngakhale kukwezedwa kumene. Chachitatu ndi kapamba. Pomwe ankandipeza ndi CML ndinali nditatupa kapamba mpaka lamba sankamangika bwino, ndipo kapamba wotupa sachedwa kuphulika ukagwera cha kumanzere. Miyezi yoyambirira ija, mpaka kutupako kutatha, sindinakhudze njinga.

Ndinagwapo kamodzi chiyambireni mankhwala. Inali nyengo yamvula, pa kamsewu ka dothi lofiira pakati pa minda ya tiyi, pomwe thirakita yonyamula masamba inali itangodutsa n'kusiya matope osalala ngati sopo. Sindinkathamanga. Tayala lakutsogolo linangochoka, ndinapezeka ndagona m'ngalande, njinga ili pa bondo, amayi othyola tiyi akuthamangira atabereka madengu awo. Walira mvula walira matope. Ndinadzuka, ndinawathokoza, ndinawongola galasi n'kupita kunyumba, ndipo cholakwa changa chinayambira pamenepo: sindinauze munthu. Usiku bondo linatupa, ntchafu yonse inada. M'mawa mayi a kunyumba ataona anangoti, "Bambo, valani tizipita." Magazi anapezeka kuti ali bwino, koma anamwino anandikalipira ngati mwana, ndipo ankanena zoona.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwamenyetsa mutu, ngati mukumva kuwawa pansi pa nthiti zakumanzere kapena paphewa lakumanzere, ngati magazi sakusiya mutapanikiza bala kwa mphindi 10, kapena ngati msana wayamba kuwawa mwachilendo. Mukangofika nenani kuti muli pa mankhwala a khansa. Musamwe asipirini kapena brufen musanafunse, chifukwa amawonjezera kukha magazi.

Ndimamwa morphine. Ndingayendetse?

Masiku oyamba kumwa morphine, komanso nthawi iliyonse akakuwonjezerani mlingo, tulo timabwera tokha. Masiku amenewo musayendetse. Amene akhala pa mlingo umodzi kwa nthawi, tulo titatha, akambirane ndi achipatala omwe amawapatsa mankhwalawo. Chomwe simuyenera kuchita ndi kudumphitsa morphine kuti mukwere njinga. Ululu nawo umachotsa maganizo pa msewu. Amitriptyline yemwe amaperekedwa pa dzanzi, ndi piriton, nazonso zimagonetsa mpaka m'mawa. Mowa pamwamba pa zonsezi ndiye ayi.

Mumadziwa bwanji kuti lero ndi tsiku lokwera?

Ndili ndi kamwambo kanga. Ndikadzuka ndimakhala kaye m'mphepete mwa bedi, kenako ndimaimirira. Maso akachita mdima, ndiye kuti basi, lero ayi. Ndikadutsa apo ndimamwa phala, n'kuyesa zala monga ndafotokozera pa funso la dzanzi. Chomaliza ndimaitulutsa njinga m'nyumba ndekha, poikankha, kudutsa pa sitepe ya pakhomo. Ndikafika panja mtima ukugunda m'makutu kapena ndikupuma ngati ndakwera phiri, ndimaibwezera. Munthu amene walephera kuikankha mamita asanu sangaidzutse ikagwa kutchire.

Kutopa kwa khansa n'kwachilendo, sikutha ndi kugona. Kukakhala kophatikizana ndi chizungulire, m'manja moyera ndi kupuma mobanika, kayezetseni, mwina magazi achepa. Ine mphamvu zimakhalapo m'mawa, ndiye maulendo anga amatha dzuwa lisanafike paliwombo. Ndimayendanso ndi lamulo loti ndibwerere ndikadali ndi mphamvu, poti ulendo wopita umanamiza.

Ndivale chiyani?

Chipewa cholimba chophimba mpaka chibwano, chomangidwa lamba. Zipewa za pulasitiki zovala pa ntchito yomanga, zomwe ena amavala pongofuna kudutsa pa apolisi, siziteteza kanthu pa njinga. Tsitsi likathothoka ndi kemo chipewa chimakula, chimayamba kugwedera. Valani kansalu kofewa m'kati, ndipo muzikachapa kawirikawiri. Ngati mungathe, musabwerekane chipewa ndi anthu ena pa masiku omwe asilikali atsika.

Magolovesi, buluku lalitali lolimba, ndi nsapato zotseka mpaka pa kakolo. Amene miyendo imatupa agule nsapato zokulirapo, osati kubwerera ku patapata. Mankhwala ena a kemo amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndiye mu Okutobala malaya a manja aatali ndi ofunika ngakhale kukutentha. Kuyambira Meyi mpaka Julayi, chiperoni chikatsika, jekete yosalowa madzi ikhale pa keliyala nthawi zonse. Pa fumbi mangani kansalu kukamwa, makamaka amene analandira bleomycin, mankhwala omwe amatha kuvulaza mapapo. Chifuwa chouma chosatha kapena kubanika muzikanena msanga.

Njinga yabwino kwa munthu wodwala ndi iti?

Yopepuka, yoti mapazi onse awiri azifika pansi, komanso yoliza ndi batani. Kuliza ndi kiki kangapo m'mawa wozizira kumatha mphamvu za ulendo wonse. Njinga za 100cc mpaka 150cc zomwe zadzaza kuno, monga Lifo, King Lion ndi Boxer, n'zokwanira. Ine ndinali ndi yaikulu ya m'tchire, yaitali ngati bulu, ndipo ndinaigulitsa chaka choyamba. Mtima unawawa, koma sindinkathanso kuidzutsa.

Kebulo ya kilatchi muziithira oyilo kuti isalimbe. Mahandulo akulungeni ndi chofewa. Mashoko akatha sinthani, msana wanu si wa kale. Matayala osalala pa dothi lofiira la kuno ndi ngozi yodziitanira.

Mumakonda kupita kuti? N'chiyani chimakusangalatsani pamenepa?

Kale ndinkakwera phiri. Ndinafikapo pa Sapitwa, mamita 3,002, miyendo ikadali yanga. Lero sindingathe, ndipo ndinasiya kudzinamiza. Koma njinga imandifikitsa patsinde pake, ndipo phirili ukamalizungulira limasintha nkhope pa kona iliyonse.

Ulendo wanga wa masiku ofooka ndi wochoka pa Chitakale kupita ku Likhubula. Ndi waufupi. Umayenda thanthwe la Chambe likukula patsogolo pako mpaka kudzaza maso onse. Ndimaimika njinga pamthunzi, n'kugula nthochi, n'kumaonera anyamata onyamula katundu wa alendo akukonzekera kukwera. Akakhala masiku a mphamvu ndimalowera ku Muloza, kudutsa pa Mimosa, kuwoloka Lichenya ndi Ruo, tiyi ali mbali zonse ngati wina wayala nsalu yobiriwira. Mvula ikagwa usiku, m'mawa mathithi amaoneka akutsika m'matanthwe ngati ulusi woyera, ndipo mpweya umanunkhira masamba onyowa. Mukadzaona munthu waima m'mphepete mwa msewu, chipewa chili m'manja, akungoyang'ana kumwamba, musaganize kuti njinga yafa.

Ku Thyolo makona a pakati pa Bvumbwe ndi boma ndi okoma kwa wodziwa njinga, koma nkhungu yake imatseka msewu mwadzidzidzi. Msewu wa ku Makwasa ndi Thekerani uli ndi zitunda ndi mitsetse yofuna mabuleki abwino ndi zala zomva. Ndimaupita pokhapokha tili awiri. Masiku a msika pa Limbuli kapena pa Nkando ndimapewa, chimodzimodzi tsiku la Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 anagumula milatho ndi misewu yambiri kuzungulira phirili, ndipo chiyambire pamenepo sindidalira kuti njira ya kumudzi yomwe ndinadutsa chaka chatha ilipobe. Ndimafunsa a kabaza.

Chomwe chimandikoka ndi ichi. Kunyumba ndine wodwala, kutchalitchi ndine wopemphereredwa, kuchipatala ndine nambala ya pa kabuku. Ndikatseka galasi la chipewa palibe amene akudziwa. Wa minibasi amandiimbira hutala mwaukali ngati wina aliyense, ndipo mungaseke, koma zimenezo zimandikoma.

Ine njinga si yosangalalira, ndi ya kabaza. Ndikasiya ana adya chiyani?

Funso ili limandivuta kuyankha chifukwa ine sindidyera njinga. Komabe kunyamula munthu n'kosiyana ndi kuyenda wekha: njinga imalemera, imachedwa kuima, ndipo moyo uli kumbuyoko si wanu. Zonse zomwe ndanena pa dzanzi, morphine ndi masiku a pambuyo pa dilipi, kwa inu zikhwime kawiri.

Anzanga omwe akwanitsa amachita chonchi. Sabata ya dilipi ndi yotsatira yake amapereka njinga kwa m'bale wodalirika, n'kumagawana ndalama madzulo. Sabata yabwino amagwira okha, m'mawa mokha, maulendo afupiafupi a pa tala. Matumba a chimanga, makala ndi anthu awiriawiri anasiya. Uzaniko wapampando wa siteji yanu kapena mnzanu mmodzi za matenda anu. Simukuyenera kulengeza kwa onse, koma pakhale wina wodziwa choti anene mukadzagwa.

Nanga amayi omwe achitidwa opaleshoni kapena kuwotchedwa?

Amene achotsedwa chiberekero adikire mpaka adokotala anene kuti m'kati mwapola, kawirikawiri masabata 6 kapena kuposa, ndipo mabampu a m'misewu yathu si ocheza. Amene alandira radiotherapy ya m'chiuno khungu limakhala lanthete kwa masabata angapo, chishalo chimapweteka. Amene achotsedwa bere pamodzi ndi timwanabere ta m'khwapa asamale mkono wa mbali imeneyo: umatha kutupa, sufuna mabala, sufuna kunyamula zolemera kapena lamba wa chikwama wothina. Omwa tamoxifen adziwe kuti mankhwalawa amawonjezera mpata woti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Pa ulendo wautali muziima n'kuyendako pang'ono, ndipo mwendo umodzi ukatupa n'kumawawa, kapena mukabanika mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala.

Pokwezedwa, kukhala chammbali mutavala chitenje n'kosavuta kugwa. Valani buluku m'kati mukhale motangadza, ndipo muuzeni wa kabaza poyambirira kuti, "Achimwene, ndine wodwala, tiyende pang'onopang'ono." Akakana tsikani.

Kodi kugwedezeka kwa njinga sikufalitsa khansa m'thupi?

Ayi. Khansa sifalikira chifukwa cha mabampu. Sipatsirananso pobwerekana chipewa kapena pokwezana. Ndipo si njinga yomwe inandidwalitsa, ngakhale azakhali anga amakhulupirira kuti wina anaichitira nsanje.

Chimodzi chokha chokhudza njinga ndi choona: mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene omwe amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Chizolowezi chopopa petulo ndi pakamwa kudzera m'kapaipi, kapena kusamba m'manja ndi petulo mukatha kukonza tcheni, chisiyeni, kaya mukudwala kaya ayi. Za mankhwala azitsamba omwe anthu amakupatsani mwachikondi, aonetseni kaye achipatala, poti ena amalimbana ndi mankhwala a khansa m'chiwindi.

Mankhwala ndimanyamula bwanji pa ulendo?

M'thumba la m'kati mwa jekete, m'kapepala ka pulasitiki, kutali ndi injini ndi dzuwa. Ndimatenga a masiku awiri owonjezera, chifukwa mtsinje ukadzaza umagona komwe uli. Kabuku ka kuchipatala sikatsala, ndipo patsamba loyamba ndinalembapo dzina la matenda, dzina la mankhwala ndi nambala ya foni ya kunyumba. Omwa ma ARV achite chimodzimodzi. Mukafuna kuwoloka pa Muloza kupita ku Milange muli ndi morphine, tengani umboni wa kuchipatala. Tsiku lokatenga mankhwala ena lisamadikire kuti botolo lithe.

Za laisensi ndi inshulansi zimasintha?

Malamulo ndi omwewo kwa aliyense: njinga yolembetsedwa, laisensi yochokera ku Road Traffic, inshulansi ndi chipewa. Matenda sakuchotserani chilichonse mwa izi, ndipo kabuku ka kuchipatala si chiphaso chodutsira pa apolisi.

Akunyumba akundiletsa. Ndiwauze chiyani?

Musayambe ndi kuwauza, yambani ndi kuwamvera. Nditangoyamba mankhwala, amalume anabwera kudzandiona, ndipo atamwa tiyi anati, "Mphwanga, njingayi tiigulitse, ndalama zithandize pa mayendedwe a ku Blantyre." Sankalakwa. Ulendo uliwonse wa ku Queens umadya ndalama, ndipo anthuwa anali atandiona ndikulephera kudzuka pamkeka. Mantha awo anali ndi pogwira.

Chomwe chinathandiza ndi kupita ndi mayi a kunyumba kwa adokotala, n'kufunsa za njinga iwo ali pomwepo. Anamva okha zololedwa ndi zoletsedwa. Kuchokera apo tinapangana: ndimanena komwe ndikupita ndi nthawi yobwera, foni imakhala yotchaja, usiku sindiyenda, ndipo iwo akandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Lero ayi, bambo," sinditsutsa. Pa zaka zonsezi anenapo kawiri, ndipo kawiri konse ndinakwiya mpaka madzulo. Tsiku lina mwa masiku amenewo kunapezeka kuti ndinali ndi malungo.

Munaganizapo zodzasiya?

Inde, ndipo tinakambirana kale kuti zidzatengera chiyani. Dzanzi likadzafika poti sindikumva buleki, maso akadzayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, ndikadzakomoka ngakhale kamodzi, kapena adokotala akadzandiuza kuti mankhwala asiya kugwira ndipo ma platelet sakukweranso, ndidzapereka makiyi. Mwana wa mchemwali wanga ndikumuphunzitsa kale Loweruka lililonse pa bwalo la mpira la kwathu. Akadali ndi vuto lotaya kilatchi msanga, koma pa makona wayamba kukhoza. Tinagwirizana kuti njingayo idzakhala yake, pokhapokha azidzanditenga kumbuyo kamodzi pamwezi kupita ku Likhubula, ndipo petulo ndidzagula ndine.